Chitupa cha Achimwene Yesaya

Komboni ya Kampani ya Nyama,
Ndola,
9 Januwale, 1955.

Okondedwa achimwene a Yesaya,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu ndi alamu anga a Ester pamodzi ndi ana. Kodi chifuwa chija chakusiyani, kapena mukungochibisa monga mwa khalidwe lanu? Nanga amayi, mawondo aja akuwalola kufika kumunda? Ife kuno tili bwino. Anna ali bwino, ndipo kamwana kathu Eveles kayamba kuyenda, kakugwetsa chilichonse chimene dzanja lake lafikira. Mvula ikugwa yambiri, moti m'komboni muno tikuyenda nsapato zili m'manja. Ndikudziwa kuti pachilumba cha Mbenji anatseka usodzi mpaka mvula ithe, ndiye kalatayi ikupezani pakhomo mukusoka maukonde. Mulibe pothawira kuti munali pachilumba.

Kalata iyi ndi yaitali, achimwene, ndipo ili ndi pempho limodzi lolemera. Ndilemba zonse kuyambira pachiyambi, ngakhale zimene mukuzidziwa kuposa ine, chifukwa ndikufuna mukaiwerengetse kwa abusa, mwinanso a ku boma adzafuna kuimva. Makalata anga onse a m'mbuyomu ndinkalemba mochenjera, kuopa maso a anthu a m'njira, n'chifukwa chake pansi pake ndinkangoti mng'ono wanu, osatchula dzina. Lero ndalemba poyera. Nkhani yake ndi ya dzina lanu, limene ndakhala ndikudyera kuno zaka khumi.

Mukukumbukira chaka cha 1944, atate atangomwalira. Inu munali mutalembetsa kale ku boma, mutadinda chala, mutalandira chitupa choti mupite nacho kunja kukagwira ntchito. Munali mutagula ndi bulangete la ulendo. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wosayamba msonkho, wosayenera chitupa, komanso wopanda phindu panyanja. Tisanamizane, mwana wa msodzi wosanza m'bwato nyanja ili bata, mudzi wonse unkandiseka, ndipo unkalondola. Mukanachoka inu, amayi ndi alongo athu akanadya chiyani kwa ine? Munaziona zimenezo popanda wokuuzani. Tsiku lija tikuyanika usipa pathandala munandipatsa chitupa ndi bulangete lomwe, n'kunena kuti ndipite ine, ndikayese chaka chimodzi, ndikabwera mudzapita inu. Kuyambira pa lole ya ku Lilongwe ndinakhala Yesaya. Inu, zaka zanga za msonkho zitakwana, munayamba kukhoma m'dzina langa la Pitala kuti a boma asafunse kumene ndili.

Chaka chimodzi chija mpaka lero sichinathe. Nditabwera patchuthi mu 1950, njala ija itangodutsa, ndinayamba kuitchula nkhaniyi, inu n'kundidula pakamwa. Munati za ulendo munaziiwala kalekale, nyanja ikukukwanirani, dzina si chinthu choti n'kuvala. Ndinakhulupirira msanga kwambiri, chifukwa ndinkafuna kukhulupirira.

Ndikudziwa kuti ntchito yanga simuimvetsa bwino. Ndinamva kuti amayi amauza anthu kuti mwana wawo amaphika madzi oundana, ndipo sanaphonye kwenikweni. Kampani yathu imapha ng'ombe, nyama n'kuisunga m'zipinda zozizira kuti isawole podikira sitima ya kumigodi. Mbali ina kuli boyila, chithanki chachitsulo chimene timasonkhera malasha kuti chitipatse nthunzi ndi madzi otentha otsukira. Mbali ina kuli makina opopa mpweya wotchedwa amoniya m'mapaipi, ndipo mapaipiwo amazizira mpaka kuyera ndi chisanu. Amoniyayo akathawa pang'ono amalasa m'mphuno ndi m'maso, akathawa wambiri amapha. Boyila nayo ikauma madzi moto uli mkati imaphulika. Ndiye tsiku lonse munthu umangoyenda uku thukuta, uko kunjenjemera, maso ali pa mageji, timawotchi tosonyeza mphamvu ya nthunzi ndi ya mpweya.

Ndinayambira pa fosholo, kuponya malasha. Injiniya wa pano ndi mzungu wachikulire, wamfupi, waukali, amene antchito anawatcha a Kanyimbi chifukwa zovala zawo zimanunkha amoniya ngakhale akupita kutchalitchi. Dzinalo amalidziwa, ndipo amavomera. Tsiku lina masana ndinamva kuti makina achiwiri akulira mosiyana ndi masiku onse. Ndinatenga mpini wa tsache, mbali ina n'kugunditsa pachitsulo, ina pakhutu, monga munkachitira inu ndi nkhafi pomvera nsomba pansi pa madzi. Ndinauza kapitawo kuti m'katimo muli zinthu zikukhulana. Iye anati ndisamale za malasha, makina ali ndi eni ake. Koma a Kanyimbi anali kuseri kwa thanki, anamva. Anaimitsa makinawo, atatsegula anapeza chitsulo china chitang'aluka. M'mawa mwake anandilanda fosholo n'kundipatsa sipanala.

Munthu ameneyu ndimamuyamika, ngakhale makutu anga atopa naye. Akamakuphunzitsa amakalipa ngati wawabera mbuzi. Koma sabisa kanthu. Azungu ena akamakonza chinthu amakutuma kukatenga madzi kuti usaone pamene agwira. A Kanyimbi amakukoka khutu kuti uyandikire, akamanga amamasulanso n'kukuuza kuti umange wekha iwo akuyang'ana. Anandiphunzitsa kuwerenga geji, kudziwa mafuta ofunika ndi osafunika, ndi kufufuza pamene amoniya akuthawira poyatsa kamtengo kopakidwa salufa, kamene utsi wake umayera mbuu ukakumana ndi mpweyawo. Chipsera chimene munachiona pamkono wanga wamanzere chinabwera tsiku limene ndinatsegula valavu ya nthunzi mopupuluma. Anandimanga okha bala limenelo, akunditukwana mpaka kumaliza.

Koma dziwani ichi. Munthu wakuda, ngakhale adziwe makina mpaka kuwamasula ndi kuwamanganso atatsinzina, m'mabuku amalembedwa kuti wothandiza. Pepala la umisiri limakhala la mzungu. A Kanyimbi akadzapuma, kapena ine ndikadzachoka pano, zonse zimene ndikudziwa zilibe mboni, ndikayambiranso pa fosholo. Tsono chaka chathachi ofesi ya boma yoona za ntchito inalengeza kuti amisiri akuda nawonso aziyesedwa. Wokhoza amalembedwa m'kaundula wa amisiri n'kulandira setifiketi. Ukakhala nayo amakulola kuyang'anira boyila ndi makina oziziritsa wekha popanda mzungu pambali, ndipo kulikonse kumene ungapite, ngakhale kwathu ku Nyasaland, umangoitulutsa m'thumba. Zofunika zinali zitatu: kalata ya injiniya yonena kuti wagwira naye zaka zisanu, mayeso olemba, ndi mayeso a manja.

Kalata a Kanyimbi analemba tsiku lomwelo. Mayeso olembawo ndiwo anandiwonditsa. Sukulu yanga mukuidziwa, tinalekezera limodzi. Miyezi inayi ndikaweruka ndinkakhala pakhonde ndi buku limene a Kanyimbi anandibwereka, Anna akusankha nyemba n'kumandifunsa mafunso amene ndinamulembera papepala. Pofika mwezi wachitatu ankadziwa kutentha kwa nthunzi kuposa ine, ndipo ndikalakwa ankandiseka pamaso pa anansi. Ndinamuuza kuti akalembe yekha mayesowo.

Tinayesedwa mu Novembala, anthu asanu ndi mmodzi. Woyesa anachokera ku Lusaka, mzungu wamtali wosaseka. Pa mayeso a manja anatitulutsa panja, iye n'kutsala yekha m'nyumba ya makina, kenaka ankatiitana mmodzimmodzi. Nditalowa anandiuza kuti ndilize makina msanga, nyama ikutentha. Ine ndinati ndiyambe ndazungulira. Anandifunsa ngati ndikuopa, ndinavomera kuti inde ndikuopa. Ndikuzungulira ndinapeza kuti watseka madzi oziziritsa makinawo. Nditatsegula, mphuno inandiuza kuti pali pena pamene pakuthawa mpweya, ndinayatsa kamtengo kaja n'kupapeza kuseri kwa paipi yaikulu, pamene iye anamasula pang'ono dala. Ku boyila nako galasi losonyeza madzi linkaonetsa kuti ndi odzaza, koma madziwo sankagwedezeka m'galasimo monga amachitira masiku onse. Ndinakana kusonkha moto mpaka nditalitsuka, ndipo linapezeka kuti analitseka kunsi, madzi enieni anali ochepa. Woyesayo anangolemba m'kabuku kake.

Patapita milungu iwiri anatiuza kuti takhoza awiri, ine ndi bambo wina wa ku Mongu. Achimwene, ndinasangalala ngati mwana. Anna anapha nkhuku imene tinkasungira Khirisimasi. Anatiuza kuti tikafike ku ofesi ya za ntchito pa 14 Disembala, tikalembedwe m'kaundula, tikadinde chala, tikalandire mapepala athu. Ndinali nditakonza kale kuti ndikulembereni kalata yodzitama.

Kutatsala masiku anayi, kunafika Luka, mwana wa a Masiye a kuseri kwa tchalitchi, akupita kumigodi kukafuna ntchito. Anakhala nafe masiku atatu. Tikudya masana a Lamulungu, anangoti mwina ulendo uno achimwene ako avomera ntchito ya ku Chipoka ija. Ndinafunsa kuti ntchito yanji. Anandiyang'ana modabwa, poganiza kuti ndikudziwa. Ndiye anafotokoza kuti mu 1951 padoko pankafunika munthu wodziwa nyanja woti aziyendetsa boti lokoka mabaji, mabwato aakulu onyamula katundu, ntchito ya pamwezi, ya nyumba yomwe. Anakuyesani pamadzi pamodzi ndi anthu ena, ndipo munawapambana onse. Koma polemba, kalaliki wa padokopo, amene munkaimba naye kwaya, anaona kuti chiphaso chanu cha msonkho chikuti Pitala. Anafunsa kuti zatheka bwanji, popeza iye amakudziwani kuti ndinu Yesaya, ndipo Pitalayo ali kuti. Luka akuti munangotenga pepala lanu patebulo, n'kunena kuti mwakumbukira kuti mwasiya ukonde padzuwa. Simunabwererenso.

Akuti anthu anakunenani kwambiri. Ena ankati ndinu wonyada, simufuna kulamulidwa, ena ankati mwalodzedwa. Alamu a Ester analira mlungu wathunthu. Luka yekha sadziwa chifukwa chake mpaka pano, ndipo ine sindinamuuze. Ananenanso kuti chifuwa chanu si cha masewera, kuti mwezi wa Juni mukachoka pamadzi mumatsokomola mpaka kugwira mtengo. Ndipo anati munthu amene anatenga ntchito ija akupuma mvula ikatha, akuluakulu a padoko afunsanso za inu.

Ndikuuzeni zoona, poyamba ndinakwiya nanu. Chaka cha 1951 chija munandilembera makalata awiri, ndikuwasungabe. Munalemba za mbuzi imene inagwidwa ndi fisi, za denga la amayi, za mtengo wa mchere. Za Chipoka munalibe ndi liwu limodzi. Munandiyesa mwana woti sangathe kumva nkhani ya akulu? Koma mkwiyowo sunakhalitse, chifukwa ndinadzifunsa kuti mukanandiuza ndikanachita chiyani. Mwina ndikanalira pang'ono n'kupitiriza kudya. Munandidziwa bwino, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka koposa.

Tsono ndinayamba kuganiza za tsiku la 14 lija. Chitupa ndi pepala lobwereka, ukhoza kubweza. Koma kaundula wa amisiri ndi buku la boma losafufutika. Akalemba kuti Yesaya Kamphinda, pansi pake n'kudinda chala changa, ndiye kuti dzinalo lakhala langa mpaka kumanda, ndipo inu mwatsala Pitala wa msonkho moyo wanu wonse, wothawa kalaliki aliyense wokudziwani. Setifiketi imene ndinaivutikira ikanakhala chotsekera chanu.

Anna nkhani ya dzinayi ankaidziwa, ndinamuuza tisanakwatirane. Koma nditanena zimene ndikufuna kuchita, sanagwirizane nazo, ndipo musamuimbe mlandu. Anati ndiyambe ndalandira pepalalo, zinazo tidzaziona pambuyo. Anandikumbutsa kuti nyumba tikukhalayi ndi ya kampani, ntchito ikatha m'mawa madzulo katundu ali panja, mwana ali kumsana, mvula ikugwa. Anafunsa ngati achimwene anga andipempha kuti ndichite zimenezi. Ndinati ayi, ndipo sadzandipempha. Masiku awiri tinkangopatsana moni ngati anthu okumana pachitsime. M'mawa wa tsikulo ndinapeza atasita malaya anga oyera ndi kupukuta nsapato. Anati ngati ndatsimikiza kukatiika m'mavuto, ndipite ndikuoneka ngati munthu.

Ku ofesi tinafika nthawi ya 9 koloko. Bambo wa ku Mongu uja anadinda, analandira, anatuluka akumwetulira. Ine nditayandikira ndinaona setifiketi ili patebulo, pepala lolimba la chidindo chofiira, dzina lanu litalembedwa kale ndi dzanja lokongola. Kalaliki anagwira chala changa n'kuchipaka inki. Pamenepo ndinabweza dzanja, ndinamuuza kuti dzinalo si langa, ndi la mkulu wanga amene ali moyo ku Salima. Kalalikiyo ndi wa kwathu, wa ku Ntcheu. Anayang'ana kukhomo, n'kundinong'oneza m'chinenero chathu kuti nditseke pakamwa ndidinde, theka la anthu a m'kaundulamo akuyendera maina a amalume awo ndipo palibe amafufuza. Anachita zimenezo pondikomera mtima. Nditakana kachiwiri anapukusa mutu, nanditengera kwa bwana wake.

Bwanayo anafiira nkhope. Anati ndalowa m'dziko ndi chitupa cha wina, ndanamiza kampani, ndanamiza boma, ndipo zaka zisanu zimene injiniya anachitira umboni ndi za Yesaya, pamene Pitala sanagwirepo ntchito ndi tsiku limodzi lomwe. Anati akhoza kung'amba pepalalo pomwepo n'kuitana apolisi. Kenaka anaimbira foni kukampani. Posakhalitsa a Kanyimbi analowa ndi ovolosi yawo ya mafuta, fungo lija n'kudzaza ofesi yonse mpaka bwanayo anatsegula zenera. A Kanyimbi anamvetsera nkhani yonse. Kenaka anagwira mkono wanga, anakwinya malaya aja Anna anasita, n'kuonetsa chipsera. Anati bala ili anamanga okha, munthu amene anamuphunzitsa ndi kumulembera kalata ndi uyu waima apayu, ndipo ali okonzeka kulumbira pamaso pa woweruza aliyense. Anawonjeza kuti munthu wokana kusonkha moto galasi likunama ndi yemweyo wakana kudinda chala pa dzina lonama, ndipo ngati boma silifuna amisiri otere liwauze amene likufuna.

Anakangana nthawi yaitali, zina sindinazimve. Mapeto ake bwanayo anagamula motere. Setifiketi ikhala m'kabati mwake mpaka pa 31 Malichi. Pofika tsikulo alandire makalata awiri. Yoyamba ya abusa, yochokera m'buku la ubatizo, yonena kuti Yesaya ndi Pitala ndi ana awiri a bambo mmodzi. Yachiwiri ya bwana wa boma ku Salima, yonena kuti mwini chitupa waonekera yekha, chala chake chafanana ndi chimene chinadindidwa mu 1944, ndipo buku la msonkho lakonzedwa. Makalatawo akafika, andilemba m'kaundula m'dzina langa, mlandu wanga uthera pa chenjezo. Akapanda kufika, mayeso anga afafanizidwa, nkhani ipita kukhoti, ndipo andiperekeza mpaka kumalire. Pakali pano anandipatsa kapepala ka miyezi itatu koyendera. Titatuluka, a Kanyimbi anandikalipira msewu wonse mpaka kukampani chifukwa chosawauza iwo poyamba, kenaka anandituma kukathira mafuta makina achitatu.

Ndiye pano ndikugwirabe ntchito, ndikudikira. Kukampani nkhani inafala tsiku lomwelo. Ena akunditcha wopusa, ena akuti ndine wolimba mtima, ambiri akungosokonezeka pondiitana. Ineyo nanenso munthu akati Pitala ndimayamba ndayang'ana kumbuyo kuti akuitana yani. Tinapitanso kwa abusa a kuno kukakonzetsa khadi la ubatizo la Eveles, chifukwa pamalo pa bambo panalembedwa inu. Muwauze alamu a Ester asadandaule, chaka chathunthu mwakhala ndi mwana ku Ndola osadziwa, koma tsopano ndakulandani.

Pempho langa ndi limeneli, achimwene. Mupite kwa abusa ndi kalata ino, akulembereni ya ubatizo. Kenaka mupite ku boma ku Salima, mutenge amayi ngati mawondo alola, kapena amalume, mukanene zonse monga zinachitikira. M'envulopu muno mupezamo kalata yomata ya bwana wa kuno yopita kwa bwana wa kumeneko, musaitsegule. Musadikire kuti mvula ithe. Mukudziwa mmene mitsinje imadulira njira mwezi wa Febuluwale, ndipo kalata yochoka kumeneko imatenga milungu itatu kuti ifike kuno.

Sindikunamizani kuti palibe choopsa. Kubwereketsa chitupa ndi mlandu, kukhoma msonkho m'dzina la wina ndi mlandunso. Bwana wa kuno akuti m'kalata mwake wapempha kuti akuchitireni chifundo popeza tadziulula tokha, koma wa ku Salima ali ndi mutu wake. Akhoza kungokudzudzulani, akhoza kukulipiritsani, mwinanso kukutsekerani masiku angapo. Ndakuikani pamenepa osayamba ndakufunsani, ndipo ndikupepesa. Ndinadziwa kuti ndikafunsa mudzati ndidinde, za Chipoka munaziiwala kalekale. Mukaona kuti simungathe kupita, chifukwa cha ana kapena chifuwacho, sindidzakusungirani kanthu kumtima. Ndidzabwera kumudzi ndi Anna ndi mwana, manja ndili nawo, njinga ndi zigayo zofuna kukonza sizisowa.

Zaka zonsezi sindinakuthokozeni bwinobwino. Ndinkatumiza malaya, shuga, nsalu ya alamu, n'kumaganiza kuti ndathokoza. Munandipatsa ulendo wanu muli mnyamata wofuna kuona dziko, munatsala ndi amayi pa njala ija, munaika alongo athu pabanja, ndipo munasiya ntchito imene inali yanu kuti ine ndisagwidwe. Chilichonse chimene manja angawa akudziwa chinayambira pa inu. Zikomo, achimwene. Ndalemba mawu amenewa ndikulira, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala opaka mawondo ndapatsira munthu wodzera ku Lilongwe mwezi uno. Nkhani iyi muwafotokozere pang'onopang'ono, asadzidzimuke. Moni kwa alamu a Ester, ndipo muwauze kuti ndikudziwa tsopano zimene anapirira chifukwa cha ine. Moni kwa amalume ndi azakhali, kwa alongo athu ndi amuna awo, kwa ana onse, ndi kwa a Masiye, muwauze kuti Luka anafika bwino ndipo analembedwa ntchito. Anna akupereka moni kwa nonse, akuti mumupempherere mtima ukhale m'malo mpaka Malichi.

Chitupa chanu ndachikulunga m'kansalu, chili pansi pa kalata ya bwana. Chathetheka m'mbali ndipo chikununkha kuntchito kwathu. Mukachitembenuza muona malo amene apolisi ndi mabwana amalembapo milandu ya munthu. Mupeza mopanda kanthu. Zaka khumi ndadutsa pa mowa, ndameza mawu a akapitawo, ndathawa ndewu zimene ndikanatha kupambana, chifukwa ndinkadziwa kuti akalemba alemba inu. Kaya setifiketi ibwera kaya sibwera, chimenechi musandibwezerenso. Mukachoka ku boma mupite nacho ku Chipoka, ndipo kalaliki uja akakufunsani dzina, mumuuze.

Mulungu akusungeni nonse mpaka tionane.

Ndine mng'ono wanu,
Pitala Kamphinda.